Tizilombo ta khate tikafa, thupi limatupiranji?

Lamulungu lomaliza la Januwale likamayandikira, mawailesi amakumbuka za khate. Ndi tsiku loganizira matendawa padziko lonse, mwambo umene anayambitsa Mfalansa Raoul Follereau mu 1954. Akuluakulu a unduna wa zaumoyo amabwereza mfundo zomwe zija: khate limachizika, mankhwala ndi aulere, si ufiti ndipo si temberero. Zonsezo n'zoona. Koma lilipo funso limene mauthengawa amalidumpha, pomwe ndi limene limazunguza mitu m'mabanja omwe ali ndi wodwala, kaya ku Mtandire kaya kumidzi ya kwa Kabudula.

Munthu amapita kuchipatala akuyenda bwinobwino, vuto lake ndi mabanga otuwa osayabwa basi. Wayamba kumwa mankhwala. Pakutha miyezi itatu kapena inayi mabanga aja afiira, atupa, mkono ukuphwanya usiku wonse, chala chaching'ono chakana kuwongoka. Wina amamaliza mankhwala onse, kuuzidwa kuti wachira, kenako n'kutuluka zotupa zowawa thupi lonse. Achibale akakhala pansi amagwirizana chimodzi mwa ziwiri: mankhwalawo ndi amene akumudwalitsa, apo ayi alipo wamuchita chipongwe. Azaumoyo amati munthuyo ali ndi riyakishoni. Kuti timvetse chimene chikuchitika tiyenera kuyamba taona zimene kachilombo ka khate kanapangidwa nazo, ndi momwe chitetezo cha m'thupi chimachitira chikakumana ndi zinthuzo.

Kachilombo kosafulumira

Khate limayamba ndi kachilombo ka m'gulu la mabakiteriya kotchedwa Mycobacterium leprae, kapachibale ndi ka TB. Woyamba kukaona pa maikulosikopu anali dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, mu 1873 mumzinda wa Bergen. Nthawi imeneyo madokotala ambiri ankati khate ndi matenda akumtundu, ndipo mmodzi mwa olimbikira maganizo amenewo anali apongozi ake enieni a Hansen, a Daniel Danielssen.

Kachilomboka n'kochedwa modabwitsa. Mabakiteriya ena a m'matumbo amagawikana pawiri pa mphindi 20 zokha. Ka TB kamatenga pafupifupi tsiku. Ka khate kamatenga masabata awiri. N'chifukwa chake munthu amakhala nako zaka pafupifupi 5, ena mpaka 20, chizindikiro chisanaoneke. Kamakonda malo ozizirirapo a thupi: khungu, mphuno, makutu, ndi mitsempha yonyamula uthenga, osati ya magazi, yomwe imadutsa pafupi ndi khungu. Mpaka lero palibe amene anakwanitsa kukaweta m'mbale mu labotale monga amachitira ndi tizilombo tina. Mu 1960 Charles Shepard anapeza kuti kamaswana m'mapazi a mbewa, ndipo mu 1971 ofufuza a ku Louisiana anakaswetsa mu kanyama ka ku America kotchedwa armadillo. Majini ake, malangizo amene chamoyo chimatengera kwa makolo ake, atawerengedwa onse mu 2001, anapeza kuti ogwira ntchito ndi pafupifupi 1,600 okha pomwe ka TB kali ndi 4,000 kapena cha pamenepo. Ambiri otsalawo anafa kalekale. Kamadalira selo la munthu pafupifupi pa chilichonse.

Mfundo yaikulu ndi iyi: kachilomboka sikatulutsa poizoni. Kolera imene inavuta muno mu Lilongwe mu 2022 ndi 2023 imapha chifukwa kachilombo kake kamalavula poizoni amene amachititsa matumbo kutaya madzi. Ka khate kalibe chida chotere. Ngati dzanja lapuwala ndi kutupa, chachikulu chimene chachita ntchitoyo ndi thupi lenilenilo, poyankha zimene laona.

Chigoba chake

Thupi limaona chigoba. Kachilombo kalikonse ka m'banja la Mycobacterium kamakutidwa ndi chigoba chokhuthala cha mafuta onga phula, otchedwa mycolic acid. Phula limeneli ndi limene limathandiza a mu labotale kukapeza. Woyeza amatsina nsonga ya khutu mwamphamvu mpaka magazi kuthawa, amacheka pang'ono ndi kampeni, n'kupala timadzi ta m'kati mwa khungu. Amatipaka pa kagalasi, kuthira utoto wofiira, kenako kutsuka ndi asidi. Zina zonse zimasuluka, koma tizilombo ta khate timagwirabe utoto n'kuoneka ngati timitengo tofiira, nthawi zina titaunjikana m'mitolo. Woyeza waluso amayang'ananso maonekedwe ake. Kamene kafiira konse bwinobwino mwina kali moyo. Kamene kaduka-duka kapena kasanduka timadontho n'kakufa. Pakhungu la munthu amene ali pa mankhwala, takufato ndi timene timadzaza kagalasi.

M'chigobamo ndi pamwamba pake muli zinthu zingapo zimene ofufuza anazipatula n'kuzipatsa mayina. Chotchuka kwambiri ndi PGL-1, mafuta okhala ndi timashuga titatu kunsonga kwake, amene Shirley Hunter ndi Patrick Brennan anawafotokoza mu 1981 ku Colorado. Timashuga timeneti, momwe tinalumikizirana, sitipezeka pa ka TB. Kachilombo ka khate kamatulutsa PGL-1 wambiri, moti amakazinga konsekonse n'kumasefukira m'minofu. Palinso LAM, amene ndi shuga wolumikizana ndi mafuta, mapuloteni ovala mafuta otchedwa lipoprotein, tizidutswa ta khoma lam'kati totchedwa MDP, komanso DNA ya kachilomboko imene imatayika kakaphulika.

Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimafuna kuti kachilombo kakhale moyo kuti chigwire ntchito. Rifampicin, wamphamvu kwambiri pa mankhwala atatu a khate (enawo ndi clofazimine ndi dapsone), amapha tizilombo toposa 99 pa 100 tilitonse pa kumwa koyamba, ndipo n'chifukwa chake wodwala amasiya kupatsira anzake atangoyamba mankhwala. Koma mankhwala amapha, sasesa. Kusesa ndi ntchito ya thupi, ndipo phula silisungunuka msanga. Kuchuluka kwa tizilombo pakhungu amakuyeza pa sikelo ya 0 mpaka 6, ndipo nambalayo imatsika ndi 1 kapena kuchepera apo pa chaka chathunthu. Amene anayamba ali pa 5 adzamaliza mankhwala a miyezi 12 thupi lake likadali lodzaza ndi zigoba.

Alonda ndi mfuu yawo

Kale akatswiri ankaganiza kuti chitetezo choyamba cha thupi chimangomenya chilichonse mwachisawawa. Mu 1989 Charles Janeway wa ku Yale ananena kuti ayi, maselo ayenera kukhala ndi zida zozindikirira zinthu zimene zimapezeka pa tizilombo koma sizipezeka pa munthu. Umboni unabwera kuchokera kosayembekezeka. Mu 1996 gulu la Jules Hoffmann ku France linaona kuti tintchentche ta pazipatso topanda jini yotchedwa Toll timafa ndi nkhungu. Mu 1998 Bruce Beutler anasonyeza kuti jini yofanana nayo mu mbewa ndi imene imazindikira chigoba cha mabakiteriya ena. Awiriwa analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2011. Zida zimenezi amazitcha TLR, ndipo munthu ali nazo mitundu 10.

Zili pa maselo oyendera, makamaka otchedwa macrophage, amene ntchito yawo ndi kumeza zachilendo. Pa khate, TLR2 mogwirizana ndi TLR1 zimagwira mapuloteni ovala mafuta aja. Gulu la Robert Modlin ku Los Angeles ndi limene linasonyeza zimenezi mu 2003. M'kati mwa selo muli chida china, NOD2, chimene chimagwira MDP, pomwe TLR9 imazindikira DNA ya bakiteriya. Chida chikagwira chinthu chake, selo limatulutsa timapuloteni ta uthenga totchedwa cytokine, monga TNF, IL-1 ndi IL-12. Uthengawo ukamveka, timitsempha ta magazi pamalopo timatambasuka, madzi a m'magazi amatulukira m'minofu, asilikali ena a m'thupi amakhamukira komweko. Kunja ife timaona kufiira, kutentha, kutupa ndi kuwawa. Kutupa kumene madokotala amakamba n'kumeneku, ndipo pakokha si matenda. Ndi momwe thupi limasonkhanitsira nkhondo yake.

Amene anaonapo mbava ikuthamangitsidwa mumsika waukulu wa Lilongwe akudziwa zimene zimatsatira mfuu yakuti "Wakuba!" Chikhamu chimadzambatuka, mabenchi amagudubuzika, tomato wa mayi wosalakwa amapondedwa, ndipo kawirikawiri zowonongeka pothamangitsa zimaposa foni imene yabedwa. Alonda a m'thupi ali ndi vuto linanso lowonjezera: mbavayo amaidziwa ndi jekete lake, osati nkhope. Jekete likatsala mumfolo mwini wake atagwidwa kale, aliyense wolipeza amakuwanso.

Kachilomboka sikangokhala chete kudikira. PGL-1 ndi LAM, m'maselo ena, zimachepetsa mfuu ija m'malo moikweza, ndipo PGL-1 amathandiza kachilombo kulowa mu macrophage kudzera pakhomo limene silidzutsa chipwirikiti. Mu 2013 gulu la Modlin lomwe lija linapeza kuti mwa odwala kwambiri thupi limatulutsa uthenga woyenera mavairasi, umene umatsekereza uthenga wofunika pophera mabakiteriya. Chinthu chimodzi chomwecho chimatha kudzutsa kapena kugonetsa chitetezo, kutengera selo limene chakumana nalo ndi munthu wake.

Kachilombo kamodzi, nkhope zambiri

Anthu pafupifupi 95 pa 100 alionse sadwala khate ngakhale atakumana ndi kachilomboka. Mwa ochepa amene amadwala, matendawa saoneka mofanana, ndipo kusiyanako kumachokera ku thupi la wodwala. Mu 1966 Dennis Ridley ndi William Jopling anayala mitundu ya khate pamzere umodzi wa magawo 5.

Kumapeto kumodzi kuli mtundu wotchedwa tuberculoid. Thupi lamenya mwamphamvu. Maselo a T, gulu lina la asilikali a m'thupi, atulutsa uthenga wotchedwa interferon gamma, umene umapsetsa mtima ma macrophage kuti aphe zimene ameza, ndipo maselo amamanga linga kuzinga tizilombo totsala. Munthu amakhala ndi banga limodzi kapena ochepa, ouma, osatuluka thukuta, a dzanzi. Tizilombo tovuta kupeza. Koma lingalo likamangidwa m'kati mwa mtsempha, mtsemphawo umawonongeka msanga.

Kumapeto kwinako kuli mtundu wa lepromatous. Maselo a T sakaona n'komwe kachilombo ka khate, ngakhale amamenya bwinobwino tizilombo tina. Ma macrophage amameza koma osapha, amadzaza mafuta n'kusanduka nkhokwe za tizilombo tankhaninkhani. Thupi limapanga ma antibody ochuluka, mapuloteni a m'magazi omata pa tizilombo, koma sangafike pa kachilombo kobisala m'kati mwa selo. Khungu limakhuthala, makutu amatupa, nsidze zimathothoka, mphuno imatsekeka. Mitsempha imawonongeka pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri za thupi. Mu 1991 ofufuza anayeza ma cytokine pakhungu la odwala a mitundu iwiriyi n'kupeza kuti ndi osiyana kotheratu, ndipo kuyambira pamenepo khate linasanduka chitsanzo chophunzitsira za chitetezo cha m'thupi m'masukulu a udokotala.

Odwala ambiri ali pakati, m'magawo atatu otchedwa borderline, pamene chitetezo sichinakhazikike ndipo chimatha kusunthira uku kapena uko. Pachipatala chaching'ono sangathe kuyeza zonsezi, choncho bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka njira yachidule. Mabanga 1 mpaka 5 ndi PB, mankhwala miyezi 6. Oposa 5, kapena mtsempha ukakhala wagwidwa, kapena tizilombo tikaoneka pa kagalasi, ndi MB, miyezi 12.

Chifukwa chiyani mitsempha?

Mitsempha imene tikunena pano si ya magazi. Ndi ija imene imanyamula uthenga wa kukhudza ndi kuwawa kupita ku ubongo, n'kubweretsa lamulo loti minofu igwedezeke. Ulusi uliwonse wa mtsempha wotere umakulungidwa ndi maselo otchedwa Schwann, amene ambiri mwa iwo amapanga chikuto cha mafuta chotchedwa myelin. Mwa mabakiteriya onse odwalitsa anthu, a khate okha ndi amene amakakhala m'maselo amenewa. Anura Rambukkana ndi anzake ku New York anasonyeza mu 1997 kuti kachilomboka kamamata pa puloteni yotchedwa laminin-2 imene ili kunja kwa selo la Schwann, ndipo mu 2000 anapeza kuti chomatira chake ndi timashuga titatu tija ta PGL-1.

Kumata n'kumodzi, kuwononga n'kwina, ndipo apa pali njira zingapo zimene zapezeka. Maselo a Schwann nawonso ali ndi TLR2, ndipo mu labotale akakhudzidwa ndi lipoprotein ya khate amatha kudzipha. LAM amadzutsa gulu la mapuloteni a m'magazi lotchedwa complement, limene limaboola makoma a maselo, ndipo zotsalira zake zapezeka pa mitsempha ya odwala. Kafukufuku wina wochititsa chidwi anatuluka mu 2017. Cressida Madigan ndi anzake anatenga kachilombo kodwalitsa nsomba, kamene sikawononga mitsempha, n'kukasintha kuti kazipanga PGL-1. Anakabaya mu tiana ta nsomba yotchedwa zebrafish, timene thupi lake limaonekera m'kati. Anaona ma macrophage omeza kachilomboko akuyenda motsatira mitsempha, akutulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide wochuluka, ndipo ulusi wa mitsempha unayamba kuwonongeka. Atachotsa ma macrophage, kachilomboko pakokha sikanawononge mitsempha.

Palinso chifukwa china chosafuna maikulosikopu. Mtsempha uli m'chikopa cholimba chosatambasuka, ndipo m'malo ena umadutsa pa mpata wopanikizika pafupi ndi fupa. Ukatupa ulibe kothawira. Umadzifinya wokha, magazi amalephera kufikamo. Malo ake ndi odziwika: kuseri kwa chigongono, padzanja, kunja kwa bondo, kuseri kwa kakolo, pankhope. Dokotala wodziwa khate amakupinditsani mkono n'kugudubuza chala chake m'ngalande ya kuseri kwa chigongono, maso ali pankhope panu kuti aone ngati mwanyinyirika. Mtsempha wabwino ndi wofewa, wotupa umamveka ngati chingwe. Kenako amati mutseke maso, n'kumakhudza chikhatho ndi nsonga ya bolopeni, inu n'kumaloza pamene mwamva. Amagwira chala chanu chaching'ono kuti muchikankhire kunja. Amati mudzutse phazi. Amene mtsempha wa pabondo wafooka amadandaula kuti patapata akumavuka yekha poyenda.

Zala za wodwala khate sizithothoka zokha monga ambiri amanenera. Dokotala Paul Brand, akugwira ntchito ku Vellore ku India, anasonyeza kuti vuto ndi dzanzi. Dzanja losamva limagwira poto wotentha pa mbaula osadziwa, phazi losamva limayenda tsiku lonse ndi munga. Chilonda chimalowa tizilombo tina, fupa limadyeka, chala chimafupika pang'onopang'ono.

Riyakishoni, mitundu iwiri

Tsopano tingabwerere kwa uja mabanga ake afiira ali pa mankhwala. Imeneyo ndi riyakishoni ya mtundu woyamba, ndipo imagwira makamaka a m'magawo apakati aja, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse. Maselo a T amene anali ofooka amadzuka mwadzidzidzi n'kuyamba kumenya paliponse pamene pali zidutswa za tizilombo, pakhungu ndi m'mitsempha momwe. Mabanga akale amatukuka n'kufiira, manja ndi mapazi amatupa, ndipo mtsempha ukhoza kufa pa masiku ochepa. Imakonda kubwera m'chaka choyamba cha mankhwala, pamene tizilombo tikufa tambirimbiri n'kumwaza zam'kati mwake. Koma imabweranso munthu asanayambe n'komwe mankhwala, ndipo ena ndi imene imawafikitsa kuchipatala koyamba, umboni wakuti mankhwala si amene amaipanga. Imabweranso kwa mayi amene wangobereka kumene, chifukwa chitetezo chimene chinatsika ali woyembekezera chikubwerera. N'chimodzimodzi kwa ena amene ayamba ma ARV ali ndi khate lobisika: chitetezo chikakwera, khate limaonekera ndi kutupa.

Mtundu wachiwiri amautcha ENL, ndipo umagwira amene ali ndi tizilombo tochuluka, mpaka theka la odwala a lepromatous. Apa munthu amadwaladi. Timibulu tofiira towawa timatuluka pankhope, m'mikono ndi m'ntchafu, pamalo pomwe panalibe banga, n'kuzimirira patapita masiku ochepa tina tikutuluka. Thupi limatentha, mfundo zimaphwanya, maso amafiira n'kumaopa kuwala, abambo ena amatupa machende, ndipo impso zimatha kukhudzidwa. Kafotokozedwe kakale, ka m'ma 1960, n'kakuti ma antibody ochuluka aja amamatana ndi zidutswa za tizilombo n'kupanga timibulu tosaoneka ndi maso timene timakodwa m'minofu, n'kudzutsa complement ndi kuitana maselo olusa otchedwa neutrophil. Kafukufuku wa pambuyo pake anawonjezera kuti TNF amakwera kwambiri m'magazi, ndiponso kuti DNA ya tizilombo takufa imatha kudzutsa TLR9. ENL imapita n'kumabweranso, kwa ena zaka zingapo, mpaka zigoba zija zitachepa.

Chithandizo cha mitundu yonse iwiri chimalunjika pa kuziziritsa chitetezo. Mankhwala ake odalirika ndi prednisolone, amene amayamba ndi mlingo waukulu n'kumatsitsa pang'onopang'ono kwa masabata 12 mpaka 20 kapena kuposerapo, uku wodwala akupitiriza mankhwala ake a khate. Nthawi ndi yofunika kwambiri pano. Mtsempha umene wafooka m'miyezi 6 yapitayi ukhoza kubwerera, koma ukapitirira pamenepo mwayi umachepa kwambiri. Choopsa n'chakuti nthawi zina mtsempha umafa mwakachetechete, popanda kuwawa kapena kufiira kulikonse, ndipo n'chifukwa chake mayeso a bolopeni aja amayenera kubwerezedwa mwezi ndi mwezi. Prednisolone naye ali ndi mtengo wake: shuga, BP, zilonda za m'mimba, nkhope yofufuma, ndi kudzutsa TB imene inagona. Si mankhwala ogula pa golosale, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi.

Nkhani ya mankhwala ena a ENL njodabwitsa. Thalidomide anachotsedwa pamsika mu 1961 atachititsa kuti ana oposa 10,000 abadwe olumala manja ndi miyendo. Mu 1964 dokotala wa ku Jerusalem, Jacob Sheskin, anapatsa mankhwalawa wodwala ENL amene sankagona ndi ululu, cholinga chake chili chongomugonetsa. Pa masiku ochepa zotupa zinaphwa. Panapita zaka zoposa 25 anthu asakudziwa chifukwa chake, kufikira mu 1991 pamene gulu la Gilla Kaplan ku New York linasonyeza kuti thalidomide amachepetsa TNF. Amagwira ntchito bwino pa ENL, sagwira pa mtundu woyamba, ndipo ngozi yake kwa mwana wosabadwa idakalipo.

Tisasokoneze zimenezi ndi zotsatira za mankhwala enieniwo. Rifampicin amafiiritsa mkodzo tsiku limene wamwedwa, ndipo clofazimine amadetsa ndi kuumitsa khungu. Ziwirizi sizoopsa, ngakhale kuda kwa khungu kumavutitsa maganizo amene safuna kuti aneba adziwe. Koma dapsone, kwa anthu ochepa, amayambitsa ziwengo zoopsa m'masabata oyambirira: kutentha thupi, khungu kusupuka, maso achikasu. Pamenepo pokha mankhwalawo amaimitsidwa, ndipo wosiyanitsa ziwengo ndi riyakishoni ndi wachipatala atamuona wodwalayo.

Zimene Karonga inaphunzitsa dziko

Umboni wina wamphamvu wakuti nkhaniyi yagona pa chitetezo cha m'thupi unachokera kwathu konkuno. Bungwe la LEPRA linayamba ntchito yolimbana ndi khate m'Malawi m'ma 1960, nthawi imene odwala ankasungidwa m'malo monga Utale ku Balaka, Mua ku Dedza ndi Kochirira ku Mchinji. Mu 1979 kafukufuku wamkulu anayamba ku Chilumba m'boma la Karonga, motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine. Anapeza kuti katemera wa BCG, uja amasiya chipsera chapaphewa, amateteza ku khate ndi theka kapena kuposa. Katemerayu anapangidwira TB, koma chifukwa tizilombo take n'tapachibale ndi ta khate, thupi limaphunzira kuzindikira zinthu zofanana. Kuyambira 1986 mpaka 1989 anthu oposa 120,000 a ku Karonga analowa m'kafukufuku wa katemera. Zotsatira zake mu 1996 zinasonyeza kuti BCG wachiwiri amawonjezera chitetezo ku khate ndi pafupifupi theka linanso, koma ku TB ya m'mapapo sanathandize. Ena anabayidwa BCG wosakaniza ndi tizilombo ta khate takufa, ndipo panalibe umboni woti kusakanizako kunawonjezera kanthu. Ntchito ya ku Chilumba ikupitirira pansi pa dzina la MEIRU, imene ilinso ndi malo ake ku Area 25.

Mafunso amene akadali poyera

Loyamba ndi limene wodwala aliyense angafunse: kodi ineyo riyakishoni indigwira? Palibe mayeso a magazi amene angayankhe motsimikiza. Madokotala amadziwa magulu amene ali pachiopsezo, koma sadziwa chimene chimayatsa moto tsiku lakutilakuti mwa munthu wakutiwakuti. Matenda ena, mimba, katemera, ngakhale mano owola zatchulidwapo, koma ambiri zimawagwira popanda chifukwa chooneka. Majini ali ndi mbali yake. Kafukufuku wa ku China wa mu 2009 anapeza kuti kusiyana kwa jini ya NOD2 kumakhudza mwayi wodwala khate, ndipo wa ku Vietnam ndi Brazil wa mu 2004 analoza jini ya PARK2. Kafukufuku wambiri wa mtundu umenewu wachitikira ku Asia ndi ku South America, ndiye sizikudziwika bwino kuti zotsatira zake zikukhudza bwanji anthu a kuno.

Lachiwiri ndi la kupewa. Ku Bangladesh ndi Nepal anayesa kupereka prednisolone wochepa kwa odwala a MB kuyambira pachiyambi. Riyakishoni zinachepa m'miyezi 4 imene ankamwa, koma pofika chaka kusiyanako kunali kutazimirira. Pa thalidomide akatswiri sanagwirizane. Ena amati kumana wodwala ENL mankhwalawa n'kumusiya pa prednisolone zaka zambiri, amene nayenso amapha. Ena amaloza ku Brazil, komwe ana olumala ndi thalidomide anabadwabe ngakhale pali malamulo okhwima. Mankhwala ena monga methotrexate akuyesedwa ngati njira yachitatu.

Ofufuza akutsutsanabe pa chimene chimayamba m'mtsempha. Gulu lina likuti kachilombo kakangomata pa selo la Schwann, chikuto cha myelin chimayamba kuwonongeka chitetezo chisanafike, ndipo Rambukkana, ali ku Edinburgh, anasonyeza mu 2013 kuti kamatha kusintha selolo kukhala ngati lakhanda n'kuligwiritsa ntchito pofalikira. Gulu lina, potengera za nsomba zija, likuti popanda macrophage palibe chowonongeka. N'kutheka kuti onse akunena zoona pa nthawi zosiyana za matendawa. Kuweruza n'kovuta chifukwa kachilombo sikawetedwa m'mbale, mbewa sizidwala ngati munthu, ndipo mtsempha wa munthu wamoyo sungadulidwe chisawawa kuti ukayezedwe. Funso lomweli likukhudza katemera watsopano monga LepVax, amene akuyesedwa: kodi kudzutsa chitetezo mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo kobisika kumuteteza, kapena kumuyambitsira riyakishoni? Zotsatira za pa armadillo zinali zolimbikitsa, koma za anthu ambiri sizinapezeke.

Lomaliza si la mu labotale. Mu 1991 WHO inaika malire akuti khate lasiya kukhala vuto lalikulu m'dziko ngati odwala olembedwa m'kaundula achepera 1 pa anthu 10,000 alionse. Malawi inafika pamenepo mu 1994, ndipo anthu ambiri anamva ngati khate latha. Odwala atsopano akupezekabe chaka chilichonse, ndipo padziko lonse amakhala pafupifupi 200,000, ambiri ku India, Brazil ndi Indonesia. Kuno ntchito ya khate tsopano ili pamodzi ndi ya TB mu pulogalamu imodzi ya unduna. Ena amati kuphatikizako kumafikitsa chithandizo pa chipatala chilichonse. Ena amati luso logwira mtsempha kuseri kwa chigongono limazilala ngati wachipatala amaona wodwala khate kamodzi pa zaka zingapo. Ndipo kaundula uja amawerenga amene ali pa mankhwala. Womaliza miyezi yake 12 amachotsedwamo, pomwe ENL ikhoza kumubwerera kwa zaka zina zingapo. Sizinagwirizanidwe bwino kuti munthu wotere azitsatidwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndi ndani, komanso kuti akabwera ndi banga lofiira patapita zaka ziwiri, chipatala chopanda labotale chisiyanitse bwanji riyakishoni yochedwa ndi khate limene layambiranso.